Kutsata mbalame kuchokera kugombe la Mangochi mpaka kudambo la Chilwa

Minibasi za ku Mangochi zikamadzaza Lachisanu masana, okwera ambiri amakhala akuganiza za chambo chootcha ndi madzi osambira. M'chikwama changa mumakhala kope, pensulo, chipewa ndi nsapato zosaopa matope. Ulendo wanga umayambira pagombe la nyanja ya Malawi, n'kutsika ndi mtsinje wa Shire mpaka ku Liwonde, n'kukathera padambo la Chilwa Lamulungu masana. Ndikabwerako, achibale ndi anzanga a kuntchito amandifunsa mafunso pafupifupi omweomwewo, ndiye ndati ndiwayankhire pamodzi.

Munthu wamkulu kuthera masiku awiri akuyang'ana mbalame, kodi si za alendo ochokera kunja zimenezi?

Amene amandifunsa funsoli nthawi zambiri ndi munthu amene ali mwana ankayenda ndi legeni m'khosi. Ankadziwa mtengo umene njiwa zimagona, nthawi imene pumbwa amatera papapaya, ndi kanjira ka zinziri m'chiputu. Ankatha kubisala patchire ola lathunthu, osatsokomola, kudikira kuti timba akodwe pa ulimbo. Kuonera mbalame kumafuna luso lomwelo: maso akuthwa, khutu losiyanitsa kaliridwe, ndi thupi lodziwa kudekha. Chosintha n'chimodzi, mbalameyo umaileka ipite, ndipo ukabwera mawa umaipezanso.

Dziko lathu ndi laling'ono, koma lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Imodzi mwa izo, nkhwazi, ili pamwamba penipeni pa chizindikiro cha boma la Malawi, ndipo anzathu a ku Zambia anaiika pambendera. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene ambiri timangoti WESM, linayamba mu 1947, ndipo makalabu ake ali m'sukulu zambiri. Katswiri amene anafufuza mozama za mbalame ina yosowa ya ku Liwonde ndi mayi wa konkuno, Dr Tiwonge Mzumara-Gawa. Alendo amalipira ndalama zambiri za ndege kudzaona zimene ife timazidutsa tili pa kabaza. Zimenezi zimandipweteka mtima, ndipo n'chifukwa chake ndimalimbikira kuitana anthu.

Bwanji malo atatu? Kukhala panyanja pokha sikukwana?

Mbalame zimatsata madzi, ndipo madzi sali amodzi. Pagombe la nyanja ya Malawi madzi ndi oyera, akuya, okhala ndi miyala ndi mchenga, choncho mumapeza mbalame zosaka nsomba ndi maso, zotha kuiona ili pansi pa madzi. Mu Shire madzi amayenda, m'mphepete muli mitengo ikuluikulu, migwalangwa, mabango ndi timichenga ta pakati pa mtsinje. Ku Chilwa madzi ndi osaya, amatope, ozunguliridwa ndi njedza ndi minda ya mpunga, ndipo kumeneko n'kwa mbalame za miyendo yaitali ndi zala zotambalala, zofufuza chakudya m'thope. Munthu akaona malo atatuwa motsatizana, masiku awiri okha, amayamba kumvetsa chifukwa chimene mlomo wa mbalame ina uli wosongoka ngati mkondo pamene wa ina uli wokhota.

Mwayi wathu ndi wakuti malowa ali pamsewu umodzi. Msewu wa M3 umalumikiza Mangochi, Liwonde ndi Zomba. Mukagona kugombe Lachisanu, m'mawa wa Loweruka ndi wanyanja. Dzuwa likakwera mumanyamuka, n'kudutsa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, n'kufika ku Liwonde nthawi yabwino yokwera boti madzulo. Mumagona ku Liwonde kapena ku Zomba, ndipo Lamulungu m'bandakucha mumalowera ku Kachulu, doko la Chilwa limene lili pafupifupi makilomita 30 kuchokera mumzinda wa Zomba.

Ndinyamule chiyani?

Kope ndi pensulo, chifukwa bolopeni imafufutika ikanyowa. Madzi akumwa, chipewa, zovala zosawala kwambiri. Magalasi oonera patali, aja timati ma binoculars, amathandiza kwambiri, ndipo olembedwa 8x42 ndi abwino kwa woyamba. Koma musalephere ulendo chifukwa mulibe. Mbalame za m'madzi zambiri ndi zazikulu ndipo zimaima poyera, ndipo anthu anayi atha kubwerekana chida chimodzi. Amene ali ndi foni yamakono atha kuikamo Merlin Bird ID, yopangidwa ndi Cornell Lab of Ornithology, n'kukopera zithunzi za mbalame za kuno adakali malo amene intaneti ikugwira bwino.

Kugombe m'mawa wa Loweruka, ndiyembekeze kuona chiyani?

Muyamba ndi kumva. Kusanayere bwino nkhwazi imalira ili pamwamba pa mlambe kapena pamwala, itagadamitsa mutu kumbuyo, inzake n'kuyankha. Zikakhala ziwiri panthambi imodzi, yang'anani kukula kwake: yaikuluyo ndi yaikazi. Mukaona ina yamathothomathotho, yofiirira ngati yagwera m'phulusa, musaganize kuti ndi mtundu wina. Ndi mwana wa nkhwazi, ndipo mutu woyera uja amaupeza patatha zaka zinayi kapena zisanu.

Kenaka fikani pamene asodzi akukocheza. Pamene pali usipa wa usiku ndi matandala oyanikira nsomba pamadzaza akakowa ndi akhwangwala, ndipo m'mwamba mumazungulira akabawi odikira mpata. Cha m'madzi mudzaona kambalame kakuda ndi koyera kataima m'malere, mapiko akuphupha koma mutu osasuntha, kenaka n'kudziponya chamutu m'madzi. Mabuku amakatchula kuti pied kingfisher. Luso loima m'malereli ndi limene limakalola kusodza kutali ndi gombe, kumene kulibe nthambi yoti kateremo, pamene abale ake ambiri amafuna bango kapena mtengo wodikirirapo.

Kumwera kwa nyanjayi kuli chilumba cha Boadzulu, chimene ndi gawo la Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Miyala ya chilumbachi imaoneka yoyera muli patali. Si laimu ayi, ndi zitosi za mbalame zakuda za pachifuwa poyera, zotchedwa white-breasted cormorant, zimene zimaswanirana pamenepo. Zimamira n'kuthamangitsa nsomba pansi pa madzi. Nthenga zake zimalowa madzi, zimene zimazithandiza kumira, ndipo n'chifukwa chake mukaziona pamwala zimakhala zitatambasula mapiko padzuwa ngati chovala chapachingwe.

Musachoke musanayang'ane pansi, pamene mafunde akuthera. Kuyambira cha mu Seputembala pamayenda kambalame kakang'ono kotuwa, kogwedeza matako kosalekeza, kamene kakadzidzimuka kamauluka moyandama pamadzi. Ndi common sandpiper, ndipo kanaswedwa kumpoto, ku Ulaya kapena ku Asia. Anthu ambiri amakadutsa osakaona.

Oyendetsa maboti ena amaponyera nkhwazi nsomba kuti alendo ajambule. Mumaziona bwanji?

Ku Cape Maclear zimachitika kawirikawiri: woyendetsa boti amaimba likhweru, n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika kuchokera pachilumba cha Thumbi kudzaikwatula. N'zokongola kuona, ndipo sindinyoza mnyamata amene akupezera banja lake chakudya mwa njira imeneyi. Koma ine ndimakonda kudikira. Nkhwazi yosodza yokha imakhala nthawi yaitali ikuyang'ana madzi, imatsika, imaphonya, imabwerera panthambi, ndipo nthawi zina imangolanda nsomba kwa mbalame ina. Moyo wake weniweni ndi umenewo, ndipo amene wangoona ya likhweru sanauone.

Nanga nantchengwa? Kwathu amati si mbalame yabwino.

Ndinakula ndikumva zomwezo, kuti akalira pafupi ndi mudzi kapena akadutsa padenga ndiye kuti kukubwera zovuta, ndi kuti chisa chake sachigwira. Sindikangana ndi agogo pankhaniyi, chifukwa mantha omwewo ndi amene amutchinjiriza nantchengwa ku legeni kwa mibadwo yambiri. Chimene ndimapempha n'chakuti mumuyang'anitsitse. Ndi mbalame yofiirira, ya mutu wonga hamala, yoyenda m'madzi osaya ikuvundula thope ndi phazi kuti achule ndi tinsomba titulukire poyera. Chisa chake ndi nyumba yeniyeni: mulu wa timitengo, udzu ndi matope pamphanda ya mtengo, wotha kupitirira mita imodzi ndi theka m'lifupi, wokhala ndi denga ndi khomo laling'ono cha m'munsi, wolimba moti munthu atha kuimapo. Awiri okha amamanga zonsezo kwa milungu ingapo. Akachisiya, mumalowa akadzidzi, atsekwe, njuchi ngakhale njoka. Mwina njoka zimenezo ndi gawo la chifukwa chimene makolo ankaletsera ana kuyandikira.

Ku Liwonde anthu amapitira njovu ndi mvuu. Mbalame zake zili ndi chiyani chapadera?

Liwonde National Park inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 550, koma mitundu ya mbalame imene yaonekamo ikuyandikira 400. Njira yabwino ndi boti, dzuwa litapendeka, woyendetsa atachepetsa injini.

Yambani ndi migwalangwa. Timbalame towonda ta mapiko onga zenga timene timazungulira mitengoyi, African palm swift, timamata chisa kunsi kwa tsamba ndi malovu, n'kumatanso mazira pachisapo kuti asagwe mphepo ikamagwedeza tsamba. M'zitsamba za m'mphepete mwa madzi muli Böhm's bee-eater, kambalame kobiriwira ka mutu wofiirira ndi mchira wautali ngati singano, kamene alendo ambiri amabwerera ku Liwonde. Mitengo ina m'mbali mwa mtsinje inachita kuyera mbee ndi zitosi za mbalame zomira zija, ndipo pansi pake ng'ona zimadikira anapiye ogwa.

Koma imene ndimaikonda koposa ndi African skimmer. Mlomo wake ndi wofiira, ndipo wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba. Madzulo imauluka motsika kwambiri, mlomo wam'munsi ukung'amba madzi ngati khasu la pulawo, ndipo ukangokhudza kansomba mutu umapindika, mlomo n'kutseka. Imaikira mazira pamchenga weniweni, pa timichenga ta pakati pa mtsinje timene timatuluka madzi akaphwa. Apa m'pamene munthu amaona kuti mbalame ndi madzi n'chinthu chimodzi. Madzi a Shire amayendetsedwa pa Kamuzu Barrage, imene inamangidwa pa Liwonde mu 1965 ndipo imathandiza kuti magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira azikhala ndi madzi okwanira. Chaka chimene nyanja yakwera, monga zinachitikira mu 2024 pamene madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, timichenga tambiri timamira, ndipo mbalame yoikira pamchenga imasowa poikira. Ngakhale funde la boti lothamanga litha kukokolola mazira. Mukaona woyendetsa akuyandikira mchenga umene mbalamezi zakhala, muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, tiyeni tizionere pompano."

Mukakhala ndi mpata wolowa m'nkhalango ya tsanya, funsani za Lilian's lovebird, kambalame kobiriwira ka nkhope yofiira, ka mtundu wa zinkhwe, kouluka m'magulu mwaphokoso. Kuno kwathu kwawo kwenikweni ndi ku Liwonde. Kamagona m'mphako za mitengo ya tsanya yakale, ndipo kamamwa madzi tsiku lililonse. Ludzu limenelo ndi limene linkakaphetsa, chifukwa opha nyama mozemba ankathira poizoni m'zithaphwi nyengo ya chilimwe, timbalameti n'kufera limodzi ndi nyama zina.

Ndamva kuti ena amapita ku Liwonde kukafuna kadzidzi. Zoona?

Zoona, ndipo amene wamuona amakamba mpaka chaka. Ndi Pel's fishing owl, kadzidzi wamkulu wofiirira ngati dothi la katondo, wa maso akuda, amene amadya nsomba. Miyendo yake ilibe nthenga ngati ya akadzidzi ena, ndipo kunsi kwa zala kuli tizisonga togwirira nsomba yoterera. Usiku amatera panthambi yolendewera pamadzi n'kumadikira. Masana amabisala m'masamba a mitengo ikuluikulu ya m'mphepete mwa mtsinje, ndipo popanda mlonda wa paki wodziwa mitengo yake mutha kudutsa pansi pake osadziwa.

Ndikudziwa zimene dzina la kadzidzi limabweretsa m'mitima mwathu. Koma uyu sabwera padenga la munthu. Amafuna zinthu ziwiri, mitengo yakale ndi madzi a nsomba, ndipo pamene nkhwangwa yadutsa m'mphepete mwa mtsinje iye amachoka osabwereranso. Akadzidzi a kumudzi nawonso ali ndi ntchito yawo: amene amasunga chimanga m'nkhokwe ali ndi mlonda wa makoswe amene samulipira.

Chilwa ndi matope, udzudzu ndi fumbi la mumsewu. N'chifukwa chiyani mumati n'kumene kuli chimake cha ulendowu?

Chifukwa kulibe malo ena kuno kwathu kumene ndinaona thambo likuda ndi mbalame ngati kumeneko. Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani imathira madzi ake mmenemo, ndipo madziwo amachoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake ali ndi kamchere, ndipo n'chifukwa chake nyanjayi imakula ndi kuchepa ngati chifuwa cha munthu wopuma. Ndi yosaya, malo ambiri bwato amaliyendetsa pokankha ndi nsungwi yaitali. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka thope long'ambika moti mabwato anangotsala pamtunda. Madzi akabwerera, matemba, makumba ndi milamba imene inabisala m'mitsinje ndi m'zithaphwi imaswana mofulumira, ndipo mbalame zimabwerera pambuyo pa nsomba. Mu 1996 Chilwa anakhala malo oyamba a Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar, pangano la maiko loteteza madambo limene linasainidwa ku Iran mu 1971. Achiwiri ndi Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire, mu 2017.

Fikani ku Kachulu dzuwa lisanatuluke, phiri la pachilumba cha Chisi likadali mdima. Choyamba ndi malikhweru m'mwamba, atatuatatu: abakha am'tchire a nkhope yoyera akubwerera kuchokera kominda ya mpunga kumene adya usiku. Atsekwe akuluakulu akuda amadutsa motsika. Avuwo amasodza pagulu, atapanga kachigawo ka bwalo, akukusira nsomba kosaya n'kumiza milomo nthawi imodzi ngati amva lamulo.

Lowani ndi bwato m'tinjira ta m'njedza, timene asodzi amadula kuti afike kuzimbowera, tinyumba tawo toyandama. Pamasamba a kakombo pamayenda African jacana, mbalame yofiirira ya pachipumi pabuluu, ya zala zazitali moti tsamba silimira. Banja lake ndi lodabwitsa. Yaikazi ndi yaikulu, imakhala ndi amuna angapo, imaikira mazira n'kupita. Wofungatira ndi kulera ndi tambala, ndipo pakabwera choopsa amanyamula anapiye m'mapiko n'kuthawa nawo, timiyendo tawo tikulendewera kunsi. Ndinayamba ndaona zimenezi kamodzi, ndipo poyamba ndinaganiza kuti mbalameyo ili ndi miyendo isanu ndi itatu.

Yang'ananinso dokowe wakuda amene mlomo wake sutsekeka pakati, African openbill. Chakudya chake ndi nkhono za m'madzi, ndipo pamene wadyera mumapeza mulu wa zigoba. Pali kakowa wina wakuda amene amaphimba mutu ndi mapiko ake ngati ambulera, kupanga mthunzi pamadzi, tinsomba n'kuthawira mumthunzimo, kumene mlomo ukudikira. Mukamuona akuchita zimenezi kasanu kapena kakhumi motsatizana, mudzaiwala kuti udzudzu ukukulumani.

Koma ku Chilwa anthu amasaka mbalame n'kumagulitsa. Inu okonda mbalame simudana nawo?

Ine ayi. Amene anaonapo mbalame zootcha pamsika wa m'mbali mwa nyanjayi, kapena m'misika ya ku Zomba, akudziwa kuti imeneyi ndi ndiwo ndiponso ndalama ya sopo ndi fizi. Osaka amatchera misampha m'njedza ndi m'mpunga, kugwira makamaka tinkhuku tam'madzi ndi abakha. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayerekeza kuti mbalame zogwidwa pachaka zinkapitirira miliyoni imodzi. Chiwerengerocho n'choopsa, koma muyenera kudziwa nthawi imene kusaka kumakula: ndi pamene nyanja yaphwa, nsomba zasowa, mpunga walephera. Msodzi amene ukonde wake wabwera wopanda kanthu amatembenukira kumbalame. Vuto lenileni lili pamenepo, chifukwa chaka chimene anthu akuzifuna kwambiri n'chomwechonso chimene mbalame zapanikizika pamadzi ochepa otsala.

M'midzi yozungulira nyanjayi munakhazikitsidwa makomiti a osaka mbalame, mothandizana ndi WESM, amene anagwirizana zopatula malo oswanirana kumene munthu satchera, ndi kulekeza kusaka nyengo imene mbalame zikufungatira. Njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa kuopseza anthu ndi ndende, chifukwa njedza ya ku Chilwa ndi yaikulu, palibe mlonda angaizungulire, ndipo woona zimene zikuchitika mkatimo ndi wosaka yemweyo.

Ndipo kunena zoona, mphunzitsi wabwino kwambiri amene mungapeze ku Chilwa ndi wosaka. Amadziwa mbalame imene yalira mkati mwa njedza osaiona. Amadziwa imene imabwera mvula yoyamba ikagwa ndi imene imachoka madzi akayamba kutsika. Buku lingakuuzeni dzina, koma iye akuuzani kuti mawa m'mawa idzakhala pati. Mulembeni ntchito tsiku limenelo, mugwirizane mtengo musanakwere bwato, mumulipire bwino. Akaona kuti mbalame yamoyo yamubweretsera ndalama yoposa ya mbalame khumi zootcha, mwalankhula zambiri kuposa msonkhano.

Nyengo yabwino ndi iti?

Zimatengera chimene mukufuna. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti misewu ndi youma ndipo kunja n'kozizira, koma mwera umavutitsa panyanja ndipo alendo a kumpoto, mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia, kulibe. Seputembala ndi Okutobala n'kotentha, koma madzi aphwa, michenga yatuluka, ndipo mbalame zimaunjikana pamadzi otsala. Ine ndimasankha Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala: alendo afika, atchete aamuna avala chikasu chawo ndipo ali kalikiliki kuluka zisa m'mabango, koma msewu wa ku Kachulu sunafike poterera. Januwale ndi Febuluwale dambo limakhala pachimake, kungoti mufunse kaye za msewu musananyamuke.

Mukuti alendo a kumpoto. Tikudziwa bwanji kuti kambalame kachokera ku Ulaya?

Chifukwa cha timphete. Akatswiri amagwira mbalame, n'kuiveka kamphete kachitsulo kamwendo kokhala ndi nambala ndi adiresi, n'kuimasula. Ikapezeka kwina, ulendo wake umadziwika. Masiku ano zina amaziveka tizida totumiza uthenga wa kumene zili. Mwa njira zimenezi tikudziwa kuti anamzeze ambiri amene amadzaza mawaya a magetsi kuyambira Okutobala mpaka Epulo amaswanirana ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo namzeze mmodzi amalemera pafupifupi magalamu 20 okha. Pali kakabawi kotchedwa Amur falcon kamene kamaswanirana kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kamadutsa ku India, n'kuwoloka nyanja yamchere osatera mpaka ku Africa, kudzadya inswa ndi ziwala za dzinja lathu.

Wosaka kapena msodzi akakuonetsani kamphete kotere, lembani nambala yonse, tsiku ndi malo. Mphete za kuno kumwera kwa Africa amazisunga m'kaundula wa SAFRING ku yunivesite ya Cape Town, ndipo a WESM atha kukuthandizani kutumiza uthengawo.

Zoopsa zilipo?

Zilipo, ndipo si za masewera. Mu Shire muli ng'ona ndi mvuu zambiri. Musaime m'mphepete penipeni mwa madzi, musalendewetse dzanja kunja kwa boti, ndipo m'paki musatsike galimoto popanda mlonda. M'madzi odekha a mabango, kunyanja ndi ku Chilwa komwe, muli nkhono zofalitsa likodzo, choncho mukalowa m'madzi otero kayezetseni kuchipatala pakapita milungu ingapo. Gonani m'neti. Mphepo ikayamba pa Chilwa, mverani mwini bwato akati tibwerere.

China chimene mabuku salemba ndi ulemu. Gombe ndi malo a anthu. Mukafika, perekani moni, funsani wapampando wa komiti ya pagombe kapena a mfumu, nenani chimene mwadzera. Ku Mangochi moni wa Chiyao, "Ajimwiche uli," umatsegula zitseko zambiri. Ndipo musaloze magalasi anu kumene amayi akusamba kapena kuchapa, ngakhale mbalame yosowa itatera pomwepo. Ilekeni ipite.

Mbalame zambiri mwazitchula m'Chingerezi. Zilibe maina athu?

Zili nawo, ndipo nthawi zina oposa limodzi, chifukwa kuzungulira Chilwa kokha kumalankhulidwa Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe. Buku lalikulu la mbalame za dziko lino, The Birds of Malawi la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, limene linatuluka mu 2006, ndi mabuku ena oonetsa zithunzi, onse ndi a m'Chingerezi, ndiye dzina la m'buku ndi limene limakuthandizani kupeza tsamba. Koma m'kope mwanga ndimagawa tsamba patatu: dzina la m'buku, dzina limene mwini bwato wandiuza, ndi zimene mbalameyo inkachita. Gawo lapakati ndi limene ndimalisamala kwambiri, chifukwa maina amenewo ali m'mitu ya anthu achikulire, ndipo ana amene akukulira m'tauni mbalame iliyonse yoyera amangoti kakowa.

Pozindikira mbalame, musayambe ndi mtundu wa nthenga, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumanamiza. Yambani ndi kukula: ngati mpheta, ngati njiwa, ngati nkhuku, kapena ngati tsekwe? Kenaka mlomo, miyendo, ndi malo amene yaima. Mukafika kunyumba mutha kulemba zimene mwaona pa intaneti pa eBird, kumene akatswiri amazigwiritsa ntchito. Mu Januwale ndi mu Julaye kumachitika kalembera wa mbalame za m'madzi m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo manja owerenga amakhala ochepa nthawi zonse.

Ndilibe ndalama ya ulendo wonsewo. Ndiyambire pati?

Pamadzi amene muli nawo pafupi. Wa ku Salima ali ndi gombe la Senga Bay ndi dambo la Mpatsanjoka kuseri kwake. Wa ku Nkhotakota ali ndi Chia. Wa ku Rumphi ali ndi Vwaza ndi nyanja ya Kazuni, wa ku Chikwawa ndi Nsanje ali ndi Elephant Marsh, ndipo wa ku Lilongwe atha kuyenda m'mbali mwa Lingadzi. Ku Liwonde komweko, amene sangakwanitse kulipira paki atha kuima pafupi ndi mlatho m'mawa n'kuona nkhwazi, akakowa ndi timbalame tosodza tija osatulutsa tambala.

Ngakhale dambo la kumunsi kwa mudzi, kumene kuli madimba, likukwana. Sankhani chulu chimodzi kapena tsinde la mkuyu, muzikhala pamenepo Loweruka lililonse kuyambira 5 koloko mpaka 7 koloko m'mawa, dzuwa lili kumsana kwanu. Tengani mwana mmodzi, makamaka uja wa legeni, mumupatse pensulo kuti azilemba ndi iyeyo. Lembani tsiku limene namzeze woyamba wafika pawaya chaka chino, kuti chaka chamawa mudzakhale ndi poyerekezera.